Pakati pa tauni ya Zomba patsala ndani wokhazikika?

@NdolaKwathu
Abale a pagulu pano, ndili ndi nkhawa yomwe ndikufuna ndimve maganizo anu. Ine ndimakhala cha ku Ndola, kufupi ndi msika waukulu, ndipo mzere wathu wa nyumba wasintha moti ndikusowa woti ndimutchule kuti neba. Mabanja omwe tinkadziwana nawo anachoka. Ena anapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, ena anasamutsidwa, ena anakamanga ku Matawale ndi ku Chinamwali. M'nyumba zawo mwalowa ana asukulu, anayi anayi pa chipinda, kapena mwasanduka ofesi, kapena mogona alendo. Mwezi watha pa mzere pathu panagwa maliro. Kope la chipepeso linazungulira nyumba zonse n'kubwerako ndi maina ochepa zedi, ndipo pasiwa usiku tinagona a mpingo okhaokha. Kodi n'kwathu kokha kuno, kapena pakati pa tauni ponse pafika potere? A ku Kalimbuka, a ku St Mary's, a ku Mpondabwino, kwanu kuli bwanji?

@WaKabaza_PaDepoti
Pepani ndi zovutazo mayi. Koma monga ndimaonera ine pa njinga, pakati pa tauni anthu amangogwirapo ntchito. Mbandakucha ndimakhala ndikutsitsa anthu ochokera ku Sadzi, ku Chikanda, ku Three Miles. Dzuwa likalowa onse aja ndimawabwezanso. Pofika 8 koloko usiku pa msewu waukulu pamatsala alonda a m'masitolo ndi ife odikira minibasi yomaliza ya ku Limbe.

@MphunzitsiWopuma
Mayi a ku Ndola, zomwe mukuonazi n'zoona, koma muzu wake ngwakale. Zomba sidakule ngati Blantyre, komwe anthu adakokedwa ndi malonda ndi mafakitale. Kuno anthu adabwera nawo ndi boma. Kuyambira 1891 likulu la atsamunda lidali pano, ndipo tauni idayalidwa motsata maudindo: azungu kumtunda m'mbali mwa phiri, komwe kuli nyumba zakale za makhonde aakulu zija, amwenye m'masitolo a pamsewu, ndipo makalaliki, mamesenjala, apolisi ndi asilikali m'malaini awo chakumunsi. Aliyense mwa anthu amenewa adali ndi kwawo kwina. Ukapuma ntchito unkabweza makiyi n'kumapita.

Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, maunduna adapita ndi mabanja a antchito awo. Nyumba ya Malamulo idatsalako mpaka 1994, nayonso n'kupita. Chomwe chidagwira tauni ino kuti isafe ndi Chancellor College, yomwe idasamukira kuno kuchokera ku Chichiri mu 1973, pamodzi ndi zina zomwe sizidachoke: Cobbe Barracks, sukulu ya apolisi, ndende yaikulu yomwe idamangidwa mu 1935, chipatala chachikulu ndi chipatala cha matenda a maganizo, MANEB, Government Print, National Archives ndi likulu la ofesi ya kalembera. Onsewa ndi malo omwe munthu amabwera ndi kalata, n'kudzachokanso ndi kalata.

Chomwe chasintha ndi kutalika kwa nthawi yomwe munthu amakhala. M'masiku athu kalaliki ankatha zaka khumi kapena kuposerapo m'nyumba imodzi, ana n'kubadwira pomwepo, n'kuphunzira pa Mponda kapena pa Bwaila mpaka kulemba mayeso a Sitandade 8. Nthawi imeneyo inkakwana kuti anthu adziwane, abwerekane mchere, aikane maliro. Lero wolowa nyumba amakhala miyezi inayi, sukulu ikatsekera wapita, ndipo akabwera mwina wapeza kwina kotsika mtengo.

@NdolaKwathu
Aphunzitsi, zikomo, mwafotokoza bwino. Koma ngakhale munthu akhale wa miyezi inayi, kulephera ndi kupereka moni komwe?

@Chirunga_ChakaChachitatu
Mayi, ndiloleni ndiyankhe ngati mmodzi wa ana mukuwanenawo. Sitikhala m'makomo mwanumo chifukwa chofuna. Malo ogona a pasukulu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero chathu, ndiye ambiri timafunafuna zipinda ku Chikanda, ku Kalimbuka, ndi kulikonse komwe munthu angayende wapansi kukafika m'kalasi. Ine ndimachokera ku Rumphi. Ndinafika kuno osadziwa aliyense, ndipo tsiku lolowa nyumba eni ake anandionetsa bedi, bafa ndi nambala yotumizira lendi. Za mfumu ya dera, za kope la chipepeso, za komiti ya chitetezo, palibe anandiuzapo. Kwathu maliro akagwa sitidikira kuitanidwa, chifukwa timadziwa kuti wamwalira ndi wa banja liti. Kuno timangoona tenti, osadziwa ngati tikalowa atilandira kapena atiyesa ofuna nsima. Pa za moni mukunena zoona, anzathu ena amadutsa akuluakulu zomvera zili m'makutu, ndipo n'zolakwika.

@MayiWaMatemba
Mwanawe wayankhula mwaulemu. Makolo ako anakulera bwino.

@MwiniNyumba_Kalimbuka
Popeza chala chikuloza ife eni nyumba, ndinenepo. Ndinapuma ntchito m'boma ndipo penshoni yanga siyikwana ngakhale mankhwala a mwezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi penti zonse zinakwera. Banja likalowa m'nyumba limalipira mtengo umodzi, ndipo likasowa ndalama limakudandaulira, iwe n'kumva chisoni miyezi itatu. Ophunzira amalipira aliyense bedi lake, ndipo zikaphatikizana zimaposa zomwe banja la mphunzitsi kapena namwino lingakwanitse. Sindikunyadira, koma ndili ndi zidzukulu zofuna fizi. Amene akuti ndibwezeretse banja m'nyumbamo andiuze kuti kusiyanako alipira ndani.

@Namwino_Mpondabwino
Bambo, ndiye mwayankha funso la mayi aja osadziwa. Ife amene timagwira ntchito usiku, amene timafunika kukhala pafupi ndi chipatala, ndife amene tikukankhidwira kutali. Ine ndinachoka mkati mwa tauni chifukwa eni nyumba anandiuza poyera kuti akufuna kuikamo mabedi. Panopa mnzanga wina akuchokera kupitirira Chinamwali, ndipo ndalama yomwe wapulumutsa pa lendi ikuthera pa njinga yamoto.

@MwiniNyumba_Kalimbuka
Achemwali, ndikumva ululu wanu. Koma vuto ndi kuchepa kwa nyumba. Anthu akuchuluka pomwe pakati pa tauni palibe pomanga, kumtunda kuli phiri, kumunsi kuli Likangala.

@CheSongani
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilowererepo. Aphunzitsi akuti aliyense mu Zomba anali ndi kwawo kwina. Si onse ayi. Azungu asanamange nyumba yawo yoyamba, kuno kunali anthu. Kunali Amang'anja ndi Anyanja m'mbali mwa Chilwa, ndipo Ayao anafika m'zaka za m'ma 1800, n'chifukwa chake mpaka lero mukumva maina a mafumu monga Mlumbe, Malemia, Chikowi ndi Kuntumanji. Madera ambiri omwe lero mukuti ndi malokeshoni anali midzi, tauni inachita kuwapeza. N'chifukwa chake ku Chikanda kapena ku Chinamwali mupezako mafumu, manda a makolo, ndi zinamwali nyengo yake ikafika. Kumeneko maliro savuta chonchi. Munthu akamwalira m'mawa, ife Asilamu pofika madzulo tamuika, ndipo anthu amadzaza popanda kuyendetsa kope. Vuto lomwe mayi akunenali ndi la m'malaini a nyumba za boma, komwe kunalibe mwini mudzi chiyambire.

@MphunzitsiWopuma
Che Songani, mwawonjezera chinthu chofunika. Ine ndimanena za m'malaini ndi m'mayadi a pakati pa tauni. Midzi yozungulira ili ndi mbiri yakeyake.

@MwanaWaPhalombe
Musaiwalenso Alomwe. Agogo athu anayamba kulowa kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa 1900, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kumagwira ntchito m'maesiteti ndi kupempha malo kwa mafumu omwe anawapeza. Lero mukalowa mumsika wa Zomba, mwa ogulitsa nandolo, chinangwa ndi kalongonda, ambiri ndife.

@ZaKalembera
Ndiponyepo manambala kuti tisamangoyerekeza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mu mzinda wa Zomba. Mzuzu anali ndi 221,272, Blantyre 800,264, Lilongwe 989,318. Ndiye kuti mwa mizinda inayi ya dziko lino, wathu ndi wochepetsetsa, ndipo udindo wa mzinda unaulandira mu 2008. Koma kunja kwa malire a mzindawu, m'boma lomweli la Zomba, kuli anthu oposa 700,000. Ambiri mwa iwo chipatala chawo chachikulu, banki yawo, khothi lawo ndi msika wawo zili pakati pa tauni pomwepa. N'chifukwa chake masana mumaona ngati tauni yadzaza kwambiri, usiku n'kukhala zii. Pa za mitundu, Alomwe ndi Ayao ndiwo ochuluka, koma muli Amang'anja, Anyanja, Achewa, Angoni, Atumbuka, Asena, Atonga ndi ena, makamaka chifukwa cha sukulu ya ukachenjede, asilikali ndi apolisi.

@Mtendere_Matawale
Abale, nkhani ya mitundu tiyende nayo bwino. Tikayamba zoti eni ake ndani, obwera ndani, gulu lino litentha ngati nthawi ya kampeni.

@CheSongani
Achimwene, palibe akuthamangitsa mnzake apa. Mkazi wanga ndi Mlomwe, mlamu wanga ndi Mngoni wa ku Ntcheu, ndipo ana athu kunyumba amayankhula Chichewa. Ndimangofuna mbiri inenedwe yonse.

@WaPaSitolo
Pali anthu ena omwe simunawatchule mokwanira, amenenso ndi okhazikika kuposa ambirife: amwenye. Ine ndagwira ntchito m'sitolo ya banja lina kwa nthawi yaitali. Bambo wa abwana anga anabadwira konkuno, ndipo manda a makolo awo ali konkuno. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula amwenye kuti achoke m'malo a malonda a kumidzi n'kukakhala m'matauni akuluakulu, ndipo Zomba inali imodzi mwa matauni omwe analoledwa. Ena amagona kuseri kapena pamwamba pa masitolo awo, ndiye ngati mukufunsa amene amagonadi pakatikati penipeni pa tauni, ambiri ndi iwowo. Kungoti moyo wawo uli kuseri kwa mpanda. Timakumana pa kauntala ndi ku mzikiti Lachisanu, koma ana athu saphunzira limodzi. Achinyamata awo ambirinso akupita ku Limbe, ku Lilongwe ndi kunja, moti masitolo ena tsopano akuchita lendi anthu ena.

@Namwino_Mpondabwino
Zoona. M'masitolo ena ndi m'magolosale a m'malokeshoni mwalowanso abale ochokera ku Burundi ndi ku Rwanda, ndipo amatsegula m'mamawa kuposa aliyense.

@SajeniWakale
Ine ndinabwera kuno ngati msilikali wachichepere kuchokera ku Dedza, ndipo nditapuma sindinabwerere. Ndinagula kamalo ku Sadzi. Tilipo ambiri otere, asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende omwe tinakwatira konkuno. Ndiye mawu oti tonse timachoka ndi kalata sakukwana. Timachoka m'malaini, koma tauni sitiyisiya. Chomwe chinandigwira ine ndi nyengo ndi madzi. Madzi a ku damu la Mulunguzi ukamwa sufuna a kwina.

@WaKabaza_PaDepoti
Madala, nyengo yake iti? Mu Juni chiperoni chikatsika m'phirimo zala zimauma pa handulo.

@SajeniWakale
Mwana wanga, ukadakhala ku Liwonde mu Okutobala ukadadziwa kuti kuzizira ndi dalitso.

@Chirunga_ChakaChachitatu
Kwa ine chomwe ndidzasowe ndikadzachoka ndi zipatso za m'phiri. Masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya omwe anyamata amagulitsa pa msewu wopita ku Ku Chawe, kwathu sindinawaonepo otsika mtengo chonchi.

@Mtendere_Matawale
Phirilo likutha koma. Tayang'anani amayi omwe amatsika ndi mitolo ya nkhuni m'mawa uliwonse, ndi njinga za makala zomwe zimalowa m'tauni kusanache. Amagula ndife tomwe a m'tauni, magetsi akazima kapena akadula. Moto wolusa nawo chaka chilichonse. A ku Sadzi anaona okha phiri lawo litametedwa mmene madzi ndi miyala zinkatsikira m'makomo, mpaka anagwirizana zolisamala kuti mitengo iphukenso.

@SajeniWakale
Zimenezo ndinaziona ndi maso. Ndipo amene anadzipereka pa ntchito ya phiri lija ndi anthu omwe ali ndi nyumba zawozawo m'munsi mwake. Wa lendi madzi akalowa m'nyumba amangosamuka.

@MayiWaMatemba
Ndibwezereni ku nkhani ya mayi a ku Ndola, chifukwa ine ndili ndi mbali ina. Ndimagulitsa nsomba mumsika waukulu, ndimakapikula ku Kachulu. Kugona ndimagona kumudzi cha ku Jali, koma kuyambira m'mawa mpaka madzulo, masiku onse kupatula Lamulungu, ndili m'tauni. Kodi ine ndine wa m'tauni kapena ayi? Kalembera amandiwerengera kumudzi, kuvota ndimavota kumudzi, koma chiphaso cha msika ndimadula kuno tsiku ndi tsiku. Ndipo ndikuuzeni, umudzi womwe mukuusowa ku malainiko mumsika ulipo. Tili ndi komiti yathu, tili ndi thumba la maliro, mnzathu akaferedwa timatseka mabenchi n'kukwera lole kupita kwawo, kaya ndi ku Mayaka, kaya ndi ku Thondwe, kaya ndi Msilamu, kaya ndi Mkhristu. Ogulitsa mpunga wa ku Likangala ndi ku Domasi ali ndi gulu lawo, a kabaza ali ndi lawo.

Komanso kuchuluka kwa anthu m'tauni muno kumatsata nyanja. Chilwa itauma mu 1995, ndi pomwe inaphwanso mu 2018, asodzi ndi otola nsomba ambiri analowa m'tauni kudzafuna maganyu, ena n'kuyamba kabaza, ena kugulitsa zovala pamsewu. Madzi atabwerera ena anabwerera, ena anakhaliratu ku Chikanda ndi ku Mpondabwino.

@WaKabaza_PaDepoti
Mayi mwanena za ine. Bambo anga anali msodzi ku Chisi. Njinga yoyamba ndinagula titagulitsa maukonde.

@NdolaKwathu
Ndikuthokoza nonse. Ndikuona kuti a kumsika ali ndi powagwirizanitsa, a ku Chikanda ali ndi mafumu, asilikali ali ndi malaini awo, ophunzira ali ndi magulu awo kusukulu. Ife a m'mizere ya pakatiyi ndi amene tatsala pamtetete. Ndipo si maliro okha. Ngalande ikatsekeka palibe woti muitanizane naye, zinyalala zikaunjikana pangodya aliyense amati si zake, akuba akalowa usiku ukakuwa anthu amangosuzumira pawindo. Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, madzi atasefukira pa mzere pathu, tinatuluka ndi makasu anthu owerengeka, onse a imvi.

@Mlembi_WaKomiti
Mayi, kwathu ku St Mary's tinakumana ndi zofananazo, ndipo tinayesa njira iyi. Tinasiya kudikira kuti wobwera adzatipeze. Munthu akalowa nyumba, awiri a komiti amapita kukamulonjera sabata yomweyo, kulemba dzina lake, kwawo, ndi nambala ya wachibale woti tingamuimbire zitavuta. Timamuuza za chopereka cha mwezi cha alonda ndi za thumba la maliro, ndipo ophunzira timawalola kupereka pa nyumba osati pa munthu, chifukwa tikudziwa mmene ndalama yawo imavutira. Si onse amavomera. Ena amati sakhalitsa, ena amalonjeza osapereka. Koma tsiku lina mtsikana wina wa sukulu anadwala mwadzidzidzi pakati pa usiku, anzake osadziwa kolowera, ndipo kope lomwelo ndi lomwe linatithandiza kupeza mayi ake ku Mzimba pomwe bambo wina wa pa mzere ankamuthamangitsira kuchipatala pa galimoto yake. Kuchokera pamenepo nyumba imene ija sinaphonyepo chopereka, ngakhale okhalamo asintha.

@MwiniNyumba_Kalimbuka
Zimenezo ndingagwirizane nazo. Koma chopereka chisadzere kwa ine, chifukwa ndikachiphatikiza pa lendi ana aja aziti ndakweza.

@Namwino_Mpondabwino
Bambo, ndinu amene mukupindula ndi nyumbayo. Ngalande yomwe ikutsekeka ndi ya nyumba yanu, osati ya mwana wa ku Rumphi. Eni nyumba ambiri mumakhala kutali, mumangobwera pakutha pa mwezi. Pa msonkhano wa dera muzipezekapo inuyo.

@MwiniNyumba_Kalimbuka
Ine ndimakhala kuseri kwa nyumba yomweyo, achemwali. Koma ena alipo otero, sindikukana. Ena ali ku Johannesburg, nyumba akuyang'anira ndi mphwawo.

@MphunzitsiWopuma
Ndiwonjezere chimodzi chomwe sitidachikhudze. Dera likakhala la anthu osakhalitsa, limachepa mphamvu pa chisankho cha makhansala. Wophunzira adalembetsa kwawo, wamalonda adalembetsa kumudzi, wantchito wa boma mwina adalembetsa komwe adali asadasamutsidwe. Ofuna mavoti amapita komwe kuli anthu ambiri okhazikika, ndipo n'komwe amakamva madandaulo. Choncho komiti yomwe a ku St Mary's akunena si ya maliro okha. Ndi yomwe ingalembe kalata imodzi ya dera lonse yokhudza ngalande, magetsi a mumsewu ndi zinyalala, n'kukaipereka kwa khansala ili ndi maina ambiri.

@Chirunga_ChakaChachitatu
Aphunzitsi, ena mwa ife tinalembetsa konkuno, ndipo tikadziwa tsiku la msonkhano tikhoza kubwera. Kungoti musauike nthawi ya mayeso kapena ya holide, chifukwa mudzapeza zitseko zokhoma. Kumayambiriro kwa semesita ndi pomwe aliyense amakhala alipo. Pa ntchito ya ngalande, m'nyumba mwathu muli anyamata asanu ndi atatu amphamvu zawo, chomwe tilibe ndi makasu ndi wilibala.

@SajeniWakale
Wilibala ndili nayo, mafosholo awiri aliponso. Wa kabaza uja akhoza kudzatenga ku Sadzi.

@WaKabaza_PaDepoti
Wilibala pa njinga ndi mtengo wa anthu awiri, madala. Koma ya ntchito imeneyi ndidzanyamula ulere, bola likhale Loweruka masana msika utaphwa.

@NdolaKwathu
A Mlembi a ku St Mary's, ndikupempha mundilembere kumbali momwe kope lanu munaligawira, ndi zomwe mumachita ndi nyumba zomwe zasanduka maofesi, chifukwa pa mzere pathu zilipo zingapo ndipo usiku mumangokhala mlonda. Kodi mumalemba mlondayo kapena eni ofesi?

@Mlembi_WaKomiti
Timalemba onse awiri. Chopereka timakatenga kwa eni ofesi masana, koma nambala yomwe timaimba usiku ndi ya mlonda. Ndikutumizirani chithunzi cha tsamba lopanda maina madzulo ano ndikaweruka.